Kalata ya Kaboni

Ntchito ya a Stefano Chikuse inatha Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Marichi chaka cha 1998, kunja kukuwaza kamvula. Kampani yogula mbewu imene anaigwirira ukalaliki zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa Boma la Mchinji inali itagulitsidwa, monga ankachitira makampani ambiri masiku amenewo, ndipo eni ake atsopanowo anati makalaliki achuluka kuposa matumba a mtedza. Mkazi wawo, Imelda, anali atachedwa kunyamuka tsikulo chifukwa cha mvulayo. Anangoona amuna ake akulowa pachipata teni koloko isanakwane, tayi ali pakhosi, envulopu ya khaki ili m'dzanja, kumutu atasenza chinthu cholemera chokutidwa ndi jekete.

"Mayi a Emmie," anatero ataima pakhonde, "matipate ija yafika pakhomo pano. Tanditulani."

Imelda anawatula. Chinthucho chinali makina otayipira akalekale, amene chilembo chake cha e chinkakwera pamwamba pa zinzake. Eni kampani atsopano anali atabwera ndi kompyuta, ndiye anati mkuluyu atenge makinawo akhale chikumbutso.

Tsiku limenelo a Stefano anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, nsapato osavula, chakudya osakhudza. Imelda ankawasuzumira pazenera. Chimene chinamupweteka mtima si nkhope yawo ayi, koma manja. Manjawo ankangoyendayenda pamaondo ngati akufunafuna pepala loti agwire.

Njala siinali pafupi kwenikweni. Imelda anali ndi kamalo kake kodyera ku boda, pamene mathiraki opita ku Zambia ndi ochokera kumeneko amafola kudikira mapepala. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankakwera matola m'mawa uliwonse kukaphika mpunga, nkhuku, tchipisi ndi tiyi wamkaka, ndipo madalaivala ankamudziwa kuyambira Lusaka mpaka Lilongwe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Emmie, anali ku sekondale yogonera konko. Akanatha kupirira ndithu. Vuto linali a Stefano eni akewo.

Sabata yoyamba anthu ankabwera kudzapepesa ngati pamaliro. Sabata yachiwiri a Stefano anadzuka, kusita malaya, kumanga tayi, ndipo hafu seveni itakwana anakhala patebulo pabalaza ndi makina awo aja. Nyumba inasanduka ofesi. Pakhola la nkhuku panamatidwa chidziwitso chakuti nkhuku zonse zizikhala zitalowa pofika hafu faifi. Pachitseko cha chimbudzi panalembedwa kuti TSEKANI MUKATULUKA, MWA LAMULO. Mithiko ndi zipande za Imelda anaziika m'dilowa motsata kutalika kwake. Mbuzi ya mayi Anasi, oyandikana nawo nyumba, itadya chigwada cha kuseri, a Stefano anatayipa chenjezo loyamba n'kulikoleka pampanda. Mbuzi ija inabweranso madzulo n'kudya chenjezolo.

Zonsezi Imelda ankangoti mutu wa munthu ukapanda pogwira umatero, zidzatha. Koma tsiku lina atabwera ku boda miyendo itatupa, zovala zikununkha utsi, anapeza pepala pachitseko cha kuchipinda. KWA: Mayi a Emmie. KUCHOKERA KWA: Mwini nyumba. NKHANI: Kuchedwa kufika pakhomo. Analiwerenga kawiri, n'kuliika m'mbaula kuti moto ugwire msanga.

"Bambo a Emmie," anatero akuwapatsira madzi osamba m'manja, "bwanji tikalime fodya kwathu ku Mkanda? Munda ulipo."

"Msana uwu unazolowera mpando."

"Nanga kabaza? Njinga ilipo, yangokhala."

"Ine? Munthu woti ndinali ndi desiki yangayanga, ndizikanyamula akazi a eni ake pakaliyala?"

"Kaunjika nanga?"

"Kukuwa pamsika ngati ndataya mwana? Mayi a Emmie, musadere nkhawa. Ndalemba makalata ofunsira ntchito makumi awiri. Mayankho ali m'njira."

Mayankhowo anachedwa m'njiramo. Tsiku lililonse a Stefano ankapita ku positi ofesi, n'kubwerako ndi nkhani za anthu ena. Kalata imodzi yokha ndiyo inayankhidwa, yowathokoza chifukwa cha chidwi chawo.

Nzeru inamupeza Imelda ali pa chiwaya. Mayi wina wogulitsa zitenje, dzina lake Luwiza, anabwera ndi fomu ya pa boda n'kumupempha kuti amulembere, poti iye maso ankamuvuta ndipo anyamata a pamenepo ankalemba zolakwika. Imelda anapukuta manja pachitenje n'kulemba, koma pomaliza fomuyo inali ndi zidindo zitatu za mafuta a tchipisi. Akuiyang'ana choncho, anakumbukira manja aja oyendayenda pamaondo.

Amuna ake ankawadziwa bwino. Nzeru ikachokera kwa mkazi inkakhala ndi chilema. Ndiye madzulo, akusenda anyezi, anangoyamba kudandaula ngati akulankhula ndi anyeziwo.

"Anthu akuzunzika ku boda kuja. Mafomu kubwezedwa, makalata kusowa wolemba. Malo onse aja opanda munthu mmodzi wophunzira. Koma ndiye dziko ili."

A Stefano anangokonza tayi yawo. Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu anatsokomola n'kumuitana kuti akhale pansi.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Mwina inu simunaone, poti mumatanganidwa ndi miphika, koma ku boda kuja kulibe mlembi."

"Zoona?" anatero Imelda. "Koma inu mumaona patali."

Lolemba lotsatira anakwera matola onse awiri, tebulo lili pamwamba pa matumba a anthu, makina ali pamiyendo pa eni ake. Anaika tebulolo pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khomo la Imelda, n'kukhoma chikwangwani: S. CHIKUSE, MLEMBI. MAKALATA, MAFOMU NDI ZINA ZOTERO. Anaikanso benchi yoti anthu azidikirirapo, pokonzekera chikhamu.

Chikhamucho sichinabwere. M'malo mwake pamalopo panachitika zachilendo. Anyamata osintha makwacha a kuno ndi a ku Zambia, amene ankakonda mthunzi wa mangowo, anasamuka tsiku lomwelo. Anjinga onyamula shuga akafika chapatali ankatsika, kuyang'ana tayi ija, n'kukhotera kanjira ka kumunda. Aliyense ankati boma latuma munthu wodzalemba mayina. Pofika Lachinayi ngakhale mpunga wa Imelda unayamba kutsala.

"Bambo a Emmie, tangovulani tayiyo."

"Mlembi wopanda tayi ndi munthu wongokhala pansi pa mtengo."

Imelda anaona kuti pakufunika munthu mmodzi wopita patebulopo n'kubwerako wamoyo, anthu onse akuona. Maso ake anagwera pa Elijah Sakala, dalaivala wa ku Zambia wonyamula simenti, mwamuna wamimba yake ndi phwete lomveka tsidya lina la boda. Pomuikira chakudya, Imelda anawonjezera nthutumba pamwamba pa mpunga. Elijah anaiyang'ana nthutumbayo, n'kuyang'ana Imelda.

"Amayi, iyi ni ya bambo wa panyumba. Mufuna chani?"

"Mukatha kudya mupite apo akakulembereni kalata. Iliyonse."

"Sibazanimanga?"

"Ndi amuna anga aja, inu."

Elijah anaseka mpaka kutsamwa. Atatha kudya ananyambita zala, kuganiza pang'ono, n'kupita kukakhala pabenchi paja mwaulemu, chipewa chili m'manja. Imelda ankamva zonse ali pa chiwaya.

"Ba kalaliki, nifuna makalata awiri, koma mawu amodzimodzi. Imodzi ya Keziya ku Katete, ina ya Rozi apa pa Kamwendo. Muwauze kuti nimukonda, kulibe wina, na kuti Chisanu cha sabata ya mawa nizankhala pano pa boda kuyembekeza mapepala, nikachoka apo nizabwera na chitenje."

Nsidze za a Stefano zinakwera pang'ono, poti anali munthu wa mpingo. Koma ntchito ndi ntchito, ndipo iyi inali yoyamba. Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala la kaboni limene anali atalisunga bwinobwino chichokere ku kampani kuja, analilowetsa pakati pa mapepala awiri, n'kuwongola ndi chala mwachikondi. Makina anayamba kulira. Imelda anaona misana ya anthu ikutembenuka, ndipo anaona amuna ake atakhala mowongoka ngati kale. Mumtima anati nthutumba ija yagwira ntchito.

Zoti Elijah ali ndi makomo awiri aliyense pa boda ankadziwa, ndipo Imelda ankati si mlandu wake. Elijah sanawerenge zimene zinalembedwa, poti sukulu anaisiyira giredi thu. Anangojambula chi-E chachikulu pansi pake, makalata n'kuperekedwa kwa makondakitala a mbali zonse ziwiri, iye n'kupitirira ulendo wa ku Lilongwe.

Sabata imeneyo zinthu zinayamba kuyenda. Anthu ataona kuti Elijah sanamangidwe, anayamba kubwera mmodzimmodzi: wina fomu, wina kalata yopita kwa mwana ku esiteti ya fodya. Osintha ndalama anabwerera pamthunzi pawo. A Stefano anayambanso kuimba mluzu posamba, ndipo chidziwitso cha pakhola la nkhuku chitagwa ndi mphepo sanachibwezeretse.

Lachisanu linafika. Thiraki ya Elijah inali pamzere kuyambira m'mawa, mwini wake ali m'kati mwa Imelda ndi mbale ya mpunga. Cha m'ma leveni koloko kunatulukira mayi wina kuchokera mbali ya ku Zambia, wamfupi, wojintcha, atavala chitenje cha mpingo, ambulera ili m'dzanja ngakhale kunalibe mtambo. Elijah atamuona pakhomo, supuni inaima panjira. Anadzuka mwakachetechete, kudutsa kumbuyo kwa Imelda, n'kukalowa pakati pa matumba a makala kuseri kwa khitchini.

Koma mayiyo sanali kufuna Elijah. Anaima pakati pa bwalo n'kufunsa mokweza kuti, "Ali kuti kalaliki wolemba makalata?"

A Stefano anaimirira n'kukonza tayi. "Ndine, mayi. Khalani pabenchipo."

"Sinikhala. Ndine Keziya, mkazi wa Sakala. Iyi munalemba ndimwe?"

A Stefano analandira pepalalo, kuliyang'ana, n'kumwetulira poona chilembo chokwera chija. "Ntchito yanga imeneyi."

"Werengani. Ine ananiwerengera atcheya a amayi kutchalitchi, pamaso pa gulu lonse, chifukwa ninali wonyada kuti amuna anga anitumizira kalata ya makina. Manje werengani imwe, anthu aba amveko."

Anthu anali atayamba kale kusonkhana. Imelda anachotsa chiwaya pamoto, poti mtima unali utamuuza kuti tchipisi zipserera. A Stefano anakonza kukhosi n'kuwerenga ndi mawu a paguwa:

"Okondedwa Mayi. Nkhani: Chikondi. Pokhudzana ndi mutu uli pamwambawu, ndalemba kukudziwitsani kuti chikondi changa pa inu chikupitirira monga mwa nthawi zonse. Dziwaninso kuti mumtima mwanga muli inu nokha, palibenso wina. Lachisanu la sabata ya mawa ndidzakhala pa boda kudikira mapepala, ndipo ndikadzachoka pamenepo ndidzafika ndi chitenje. Ndidzathokoza mukalandira uthengawu ndi mtima wabwino. Ine wanu wokhulupirika, E. Sakala."

"Pitirizani," anatero Keziya. "Pansi apo."

"Kalata iyi yapita kwa: woyamba, Mayi Rozi Nkhoma, Kamwendo, wachiwiri, Mayi Keziya Sakala, Katete."

Dalaivala wina anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Imelda anagwira pakamwa. Anayang'ana amuna ake, akuyembekeza kuona manyazi pankhope pawo, koma iwo ankangoyang'ana anthuwo modabwa.

"Ndi mmene timachitira," anafotokoza. "Kalata ikapita kwa anthu awiri, aliyense ayenera kudziwa kuti mnzake walandiranso. Apo ayi pamakhala chisokonezo."

"Nanga uyu Rozi ni ndani?" anafunsa Keziya.

"Ndine."

Onse anatembenuka. Mayi wamtali, wa tsitsi lowotcha bwino, anali akutsika pakabaza, nayenso pepala lili m'dzanja. Rozi anali ndi saluni yake pa Kamwendo, ndipo kalata yake anali atadziwerengera yekha, katatu. Anthu anapatuka kumupatsa njira. Anyamata ena anakwera pamatayala a thiraki kuti aone bwino, poganiza kuti mawigi auluka.

Amayi awiriwo anayang'anana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka maso a Keziya anagwera papepala la Rozi. Analitenga osapempha n'kuliika pambali pa lake. La Rozi linali la zilembo zakuda bii, zooneka bwino. Lake linali lotuwa, la buluu wofooka, mizere ina yosaoneka n'komwe.

"Ichi n'chani? Chifukwa chani yanga ili monga yagwa m'madzi?"

"Yanuyo ndi ya kaboni, mayi," anatero a Stefano. "Yoyamba imakhala pamwamba, yachiwiri pansi. Yoyambayo ndinatumiza kwa amene ali pafupi."

"Kaboni!" Keziya anamenya tebulo ndi ambulera, makina n'kulira belu. "Ine wa ukwati wa kutchalitchi, ana asanu, zaka twente-thu nikuchapa maovolosi onunkha dizilo, ine ndine wa kaboni?"

"Mayi, mundimvetse," anatero Rozi. "Ine anandiuza kuti akazi awo anamwalira mu 1994."

"Ninafa ine?"

"Eya."

"Na chani?"

"Kolera."

"Kolera!" Keziya anagwira m'chiuno n'kuyang'ana kumwamba. "Matenda onse ali pa dziko, iye ananisankhira yotsegula m'mimba!"

Apa Rozi analephera kudzigwira. Anayamba kuseka, misozi ikutsika, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Imelda anaona kuti mpata ndi womwewu. Anatuluka ndi makapu awiri a tiyi, n'kuwagwira amayiwo pamkono mmodzimmodzi.

"Amayi anzanga, mwayenda ulendo. Khalani pansi mumwe kaye tiyi. Nkhani ya mwamuna siifuna m'mimba mopanda kanthu."

Anakhala pabenchi paja, wina uku wina uku, pakati pali ambulera. Atamwa theka la tiyi anayamba kufunsana. Zinapezeka kuti chitenje cha Khirisimasi onse analandira cha mtundu umodzi, cha nsomba zobiriwira. Zinapezekanso kuti masiku amene Elijah ankati thiraki yafera ku Petauke, inkafera pa Kamwendo, ndipo masiku amene ankati wapita kukasesa kumanda a malemu, malemuwo ankakhala akumuphikira nkhuku. Pomaliza tiyi ambulera ija inali itachotsedwa pakati.

Nthawi yomweyo kuseri kwa khitchini kunamveka kuyetsemula. Fumbi la makala silisunga chinsinsi cha munthu nthawi yaitali. Kunamvekanso kachiwiri, mwamphamvu, thumba limodzi n'kugwa. Elijah anatulukira ali bii kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, maso okha ndi amene ankaoneka.

"Keziya, mayi wa ana anga," anayamba. "Rozi. Nizafotokoza."

Sanafotokoze. Keziya anadzuka ndi ambulera, ndipo anthu a pa boda anaona zimene sanaganizepo, kuti mimba ngati imene ija ingathe kuthamanga chomwecho. Elijah anazungulira mtengo wa mango, kudumpha dengu la tomato, kukwera m'thiraki mwake n'kukhoma zitseko zonse. Analiza injini mwaukali. Kenaka anaizimitsa, atakumbukira kuti mapepala ake atuluka Lolemba. Kutsogolo kunali thiraki, kumbuyo thiraki, ndipo pabenchi, moyang'anizana ndi galasi lake, panakhala amayi awiri akudya mpunga wa nkhuku mosafulumira.

Atakhuta, Keziya anapukuta pakamwa n'kutembenukira kwa a Stefano. "Ba kalaliki, ikani pepala. Nifuna kalata. Koma ako ka kaboni mukachotse, nisakaone."

"Inenso yanga," anatero Rozi. "Payokha."

A Stefano anatayipa makalata awiri, iliyonse ndi pepala lakelake. Ya Rozi inali yaifupi: nsapato, wailesi ndi jekete za a Sakala zikapezeka pa sitolo ya a Enoki pa Kamwendo, ndipo mwini wake asadzaonekenso pafupi ndi saluni ngakhale tsitsi litamufika m'mapewa. Ya Keziya inali yaitali, koma mutu wake unali umodzi: popeza iye anafa kale ndipo akufa satopa, kuyambira Lolemba azikwera nawo thirakiyo kulikonse kumene ipite.

Kenaka a Stefano anapinda makalatawo, kuwoloka msewu mwaulemu wonse, n'kugogoda pachitseko cha thiraki. Galasi linatsika pang'ono, mpata wongokwana envulopu. Pokumbukira kuti mwini wake sawerenga, anaima pomwepo n'kumuwerengera onse awiri mokweza, anthu akuombera m'manja pa ndime iliyonse, ndipo pomaliza anamupempha kuti asaine posonyeza kuti walandira.

Kuseka kunatha tsiku lomwelo, mavuto n'kuyamba m'mawa mwake. Madalaivala anapangana. Ambiri a iwo anali ndi nkhani zawo m'misewu ya mayiko awiriwa, ndipo munthu wolemba mayina pansi pa kalata anamuona ngati njoka m'kabati. Anasiya kudya kwa Imelda. Ankadutsa pakhomo pake nkhope zili kumbali, kupita kukadya kwina. Masiku khumi nkhuku zinkabwerera kunyumba osagulidwa, mpaka Imelda anayamba kugawira mayi Anasi.

Lamulungu masana, atabwera ku tchalitchi, Imelda analephera kupirira.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, bambo a Emmie! Ndamanga malo aja ndi manja awa, mvula, dzuwa, utsi. Inu sabata ziwiri zokha mwabalalitsa anthu onse. Kodi simukanangolemba zimene munauzidwa? Munthu wamkulu ngati inu, osadziwa kuti zina sizilembedwa?"

A Stefano anayang'ana manja awo. Atayankha, mawu awo anali otsika, opanda za muofesi.

"Mayi a Emmie, zaka zonse zija ndinkalemba choncho, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndalakwa. Tsiku limene anandiitana ku kampani kuja, sanati ndalakwa. Anangoti sindikufunikanso. Ine china sindidziwa. Khasu sindilitha, kukuwa pamsika sinditha. Ndimangodziwa kuika mawu a munthu papepala moongoka, osabisa kanthu. Ngati nachonso ndi cholakwa, ndiye ndiuzeni kuti ndikhale pakhonde, ndisakuonongereninso."

Imelda anawamvera chisoni. Anakumbukiranso kuti amene anatuma Elijah patebulo paja anali iye mwini, nkhani imene amuna ake sankaidziwa, ndipo anaona kuti si tsiku lake loiulula. Anangodzuka n'kukatenga malaya awo a Lolemba.

"Pakhonde ayi," anatero akuika makala m'simbi. "Nkhuku zangoyamba kumene kupuma."

Amene anawapulumutsa anali amayi. Nkhani ya kalata ija inali itayenda kuchokera ku saluni ya pa Kamwendo mpaka ku Mkanda ndi ku Kapondo, ndipo tsidya linalo inafika ku Chipata. Pofika m'midzi inali itasintha pang'ono: ankati pa boda pali mlembi amene sanama, ngakhale umulipire kuti aname. Luwiza wa zitenje uja anabwera ndi anzake asanu kudzalembetsa mafomu. Kunabwera mayi wamasiye wa ku Kapondo amene achibale a mwamuna wake ankamuwerengera makalata mokhota, kufuna kuti amve zenizeni zimene zinalembedwa. Kunabwera ena ofuna kulembera ana awo ku Joni, ena ofunsira ana malo a sukulu. Ena ankabwera ndi makalata akale a amuna awo, kuti a Stefano aone ngati ndi oyamba kapena a kaboni. Benchi ija inayamba kuchepa, ndipo anthu odikira amamva njala. Mpunga wa Imelda unayambanso kutha isanakwane thu koloko.

Madalaivala anabwerera okha, mmodzimmodzi, ngati ana othawa kwawo. Wina anati kumene ankadyako nyemba zake n'zosapsa. Wina ananena zoona, kuti fomu yolembedwa ndi a Chikuse siibwezedwa pawindo, ndipo munthu umachoka pa boda tsiku lomwelo. Anangogwirizana chinthu chimodzi, kuti za mumtima azilemba okha, ngakhale zilembo zikhale ngati mapazi a nkhuku. Mvula isanayambe Imelda anaitana mmisiri kuti awonjezere malata atatu kutsogolo kwa kamalo kake, makina aja asanyowe, ndipo a Stefano anauza aliyense kuti ofesi yawo yakula.

Keziya anachitadi zimene analemba. Lolemba lija anakwera m'thiraki ndi kachikwama kake, ndipo anayenda nayo miyezi itatu yathunthu. Pa ulendo wachiwiri anaona kuti nsapato za pulasitiki n'zotchipa ku Lilongwe kuposa ku Katete, ndiye anayamba kunyamula katoni imodzi kuseri kwa mpando. Pofika chaka chotsatira anali ndi benchi yake pamsika wa kwawo, ndipo ankakwerabe thirakiyo kawiri pa mwezi, tsopano pa zifukwa za geni. Ikangoima pamzere, iye ankatulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, "Amake Emmie! Mbale ziwiri, yanga ya chiganga!"

Elijah ankatsika pambuyo pake atanyamula katoni, wowonda pang'ono, waulemu kwambiri. Elijahyo ankapereka moni kwa a Stefano ali chapatali, ndi manja awiri, kenaka n'kuzungulira njira yaitali ya kuseri kwa mtengo wa mango kukalowa kwa Imelda.